Laisensi ya masiku atatu idzakusiyani pamsewu

Lero tilemba zazitali, mutikhululukire bandulo, chifukwa nkhaniyi yatifika pakhosi.

Sabata yatha munthu wina anaponya uthenga muno wonena kuti iye amasintha laisensi ya ku Malawi kukhala ya kuno ku Zimbabwe m'masiku atatu okha. Akuti mwini wake safunika kupita ku ofesi, safunika kujambulidwa, angotumiza chithunzi cha khadi lake ndi madola 150, zotsalazo iye ali ndi munthu wake mkati. Oyang'anira gulu anaufufuta uthengawo, koma pomwe amaufufuta n'kuti anthu oposa khumi atapempha kale nambala yake. Ena mwa iwo timawadziwa. Timakwera nawo basi imodzi pa Roadport, timaima nawo pamzere pa Nyamapanda, timatunga nawo madzi pa mjigo umodzi kuno ku Hopley. Ndiye sitingangokhala chete ngati sitinaone.

Chimene munthu uja akugulitsa ndi pulasitiki. Khadi lomwe timayenda nalo m'thumba ndi chizindikiro chabe chakuti dzina lathu ndi nkhope yathu zili m'kaundula wa boma. Laisensi yeniyeni ndi kaundulayo. Ku Malawi kaundula ameneyu ndi MalTIS, ya a Road Traffic, amene dzina lawo lonse ndi Directorate of Road Traffic and Safety Services. Amene munapitako ku Ginnery Corner ku Blantyre, kapena ku ofesi ya ku Lilongwe, zaka zimenezi mukudziwa kuti palibe chimayenda musanaike chala pa makina. Kuno kaundula amasunga ndi a CVR, ndipo mayeso amayesa ndi a VID. Kuyambira June 2023, pomwe nduna ya zamtengatenga, a Felix Mhona, inakhazikitsa khadi latsopano m'malo mwa kachitsulo kaja, nawonso amafuna mwini wake afike, ajambulidwe, asayine. Tsono tifunse: munthu amene sanakuoneni ndi maso, akakulowetsani bwanji m'kaundula? Akalowetsa ndani?

Tikulankhula chonchi chifukwa tinaziona pakhomo pathu penipeni. Mnyamata wina wa kwathu, mwana wa mnzathu amene timachita naye geni ya nsomba zouma ndi mpunga wa Kilombero, anabwera kuno ali ndi laisensi yake yabwinobwino ya ku Malawi. Anaphunzira ku sukulu ya galimoto, anakhoza yekha, palibe anamugulira. Atakhala kuno chaka ndi miyezi, mayi wina wa m'gulu lathu anamulemba ntchito yoyendetsa Hiace yonyamula katundu kuchoka ku Mbare kupita m'mashopu a ku Chitungwiza. Mayiyo anati akufuna dalaivala wa laisensi ya kuno. Mnyamata uja anamva za dobadoba wina, anakumana naye kuseri kwa mashopu, anapereka ndalama. Dobadobayo anamuuzanso kuti apereke khadi lake la ku Malawi, akuti ku ofesi amalitenga. Analipereka. Patapita sabata anabwera ndi khadi lonyezimira, chithunzi chake, dzina lake, zonse zooneka bwino.

Miyezi isanu ndi itatu khadi lija linadutsa pa marodibuloko popanda vuto. Mnyamatayo anayamba kutiseka ife akuluakulu kuti timakonda kuvutika. Kenako m'mawa wina, kufupi ndi pa Mbudzi, anawomba kumbuyo kwa galimoto ina imene inaima mwadzidzidzi. Palibe anamwalira, tithokoze Mulungu, koma mayi wina anathyoka mwendo. Tsiku limenelo palibe anangoyang'ana khadi ndi maso n'kulibweza. Nambala yake inafufuzidwa, ndipo inapezeka kuti ndi ya munthu wina wake, wachikulire, amene mnyamatayo sanamuonepo. Mlandu wa ngozi unasanduka itatu: kuyendetsa mosasamala, kuyendetsa popanda laisensi ya kuno, ndi kugwiritsa ntchito chikalata chachinyengo. A inshuwalansi anakana kukonza Hiace, chifukwa pepala lawo limanena poyera kuti woyendetsa akhale ndi laisensi yovomerezeka. Mayi mwini galimoto anagulitsa katundu wa ulendo wonse kuti alipire galimoto inayo ndi chipatala, Hiace mpaka lero ili pa njerwa. Nambala ya dobadoba inasiya kulira tsiku lomwelo. Ndipo chowawa kwambiri n'chakuti khadi lenileni la ku Malawi, limene likanamuthandiza mnyamatayo kusonyeza kuti kuyendetsa anaphunzira ndithu, linapita ndi dobadobayo. Mwina pano lili m'thumba la munthu wina, atamata chithunzi china.

Laisensi yabodza imagwira ntchito tsiku lililonse kupatula tsiku lomwe mukuifuna. Pa rodibuloko wapolisi watopa, dzuwa laswa mtengo, galimoto zadzaza, angathe kungoona chithunzi n'kukuuzani pitani. Pa ngozi ayi. Pa ngozi pamabwera a inshuwalansi, pamabwera loya wa mnzanuyo, pamabwera khothi, ndipo onsewo amafunsa ku kaundula.

Tsopano tibwere kwa inu a mbali inayo, amene mumayankha muno nthawi zonse kuti, "Zosinthazo n'kutaya nthawi, laisensi ya SADC ndi imodzi." Mukunena zoona, koma theka. Ndipo theka la choonadi lagwetsa anthu ambiri kuposa bodza lathunthu. N'zoona kuti mu 1996 ku Maseru mayiko a SADC anasayina pangano la zamtengatenga, zamtokoma ndi zanyengo, ndipo m'menemo anagwirizana zoti azilemekezana ziphaso zoyendetsera galimoto. N'chifukwa chake dalaivala wa thiraki wochoka ku Blantyre amalowa pa Mwanza ndi Zobue, kudutsa Tete, kutulukira pa Cuchamano ndi Nyamapanda, kutsika mpaka ku Beitbridge, khadi lake lili lomwelo la ku Malawi. Ameneyo ndi wapaulendo. Nyumba yake ili ku Chirimba kapena ku Bangwe, thiraki yake ili ndi nambala ya ku Malawi, pasipoti yake yadindidwa masiku. Iye safunika kusintha kanthu, bola khadi lisakhale lakutha, kodi yake igwirizane ndi galimoto, ndipo PrDP yake ikhale yamoyo.

Koma inu amene mwakhala ku Hopley zaka zisanu ndi ziwiri, ana anu akuphunzira kuno, galimoto yanu ili ndi nambala ya kuno, mwalembedwa ntchito ndi kampani ya kuno, simuli paulendo. Mwasamuka. Mayiko ambiri amasiyanitsa mlendo wodutsa ndi munthu wokhala, ndipo wokhalayo amafuna kuti alowe m'kaundula wawo. Si Zimbabwe yokha. Ku South Africa, amene wapatsidwa chilolezo chokhala mpaka kalekale amapatsidwa zaka zisanu kuti asinthe laisensi ya kwawo kukhala ya kumeneko, zikadutsa zakazo ya kwawoyo sigwiranso ntchito. Kumenekonso amafuna kalata yochokera kwa amene anapereka laisensiyo yotsimikiza kuti ndi yeniyeni. Ngakhale Azimbabwe eni ake akapita kunja amabwerera ku CVR kudzatenga kalata yotereyi. Choncho musamve ngati akutizonda ife Amalawi tokha. Pali zambiri zomwe amatizonda nazo, izi tikudziwa tonse, koma iyi si imodzi mwa izo.

Pali china chimene a "SADC ndi imodzi" amaiwala. Khadi la ku Malawi limatha. Likatha, kulikonzanso kumafuna chala chanu ku Malawi. Tikudziwa anthu muno amene akuyenda ndi makhadi amene anatha nthawi ya Covid, ndipo akafunsidwa amati adzakonza akadzapita ku maliro. Zengerezu adalinda kwawukwawu. Khadi lakutha silikutetezani pamsewu, ndiponso simungalitengere pa kauntala kuti alisinthe. Mwatsala opanda kuno, opanda kwanu.

Nanga njira yake ndi yotani? Tinena zimene tinadutsamo ife, osati za m'maluwa. Choyamba si laisensi ayi, ndi mapepala anu okhalira m'dziko muno. Pa kauntala adzafuna kudziwa kuti ndinu ndani ndipo mukukhala kuno mwa chilolezo chanji: pasipoti yokhala ndi pemiti, kapena chitupa cha kuno. Apa ndi pomwe ambiri timakhumudwa, ndipo tisanamizane, apa ndi pomwe dobadoba amapezera msika wake. Munthu amene masiku ake anatha kalekale amaopa khomo lililonse la boma, ndiye akamva kuti pali wina amene angamuchitire iye ali kunyumba, amathamangira. Koma taganizani bwino, achimwene. Muli kale ndi vuto limodzi la mapepala. Mukagula khadi labodza mwawonjezera lachiwiri, ndipo lachiwirilo ndi lomwe lidzaulule loyambalo. Amene alibe pemiti, ndalama yakeyo aiike ku pemiti kapena ku pasipoti. Zowawa kumva, koma palibe ofesi imene ingasinthe laisensi ya munthu amene m'mabuku ake sakhala m'dzikomo.

Chachiwiri ndi kalata ya kwathu. Mupite nokha ku Road Traffic, mukapemphe kalata yotsimikiza kuti laisensi yanu ili mu MalTIS, kodi yake ndi yakuti, inaperekedwa tsiku lakuti. Ngati khadi latsala pang'ono kutha, konzeranitu ulendo womwewo. Ife a geni tili ndi mwayi umene ena alibe, chifukwa msewu umenewu timauyenda mwezi ndi mwezi. Kuchotsa tsiku limodzi pa masiku ogula katundu ku Limbe sikungakugwetseni bizinesi. Musatume munthu. Kandimverere adakanena za m'maluwa, ndipo kalata yobwera ndi munthu wina simungadziwe ngati yalembedwa mu ofesi kapena pa kompyuta ya pa shopu yojambulira mapepala. Mukabwera nayo, funsaninso ku ofesi ya kazembe wa Malawi kuno ku Harare ngati pakufunika chidindo chawo. Kenako jambulitsani zonse, khadi mbali zonse ziwiri, pasipoti, pemiti, kalata, mukadinditse makopewo, ndipo muwasunge kunyumba pouma. Zenizenizo zisachoke m'manja mwanu kupatula pa kauntala ya boma, pamaso pa munthu wovala chitupa cha ntchito.

Yang'anirani maina. Apa tikupemphani muwerenge kawiri. Ambiri a ife tili ndi maina atatu m'mapepala atatu. Pa pasipoti Phiri, pa chitupa cha kuno wina analemba Piri, pa laisensi dzina la agogo ndilo lili kumapeto. Tsiku lobadwa pena 1 January chifukwa amene ankalemba sanafune kufunsa zambiri, pena tsiku lenileni. Kompyuta siidziwa kuti ndinu munthu mmodzi. Chilembo chimodzi chingakubwezeni, ndipo mukabwezedwa musaganize kuti akufuna kenakake. Konzani kusiyanako ndi afidaviti musanapite. N'chimodzimodzi ndi umboni wa komwe mumakhala. Kuno ku Hopley ndani ali ndi bilu ya madzi kapena ya magetsi ya dzina lake? Malo ano anayamba ndi anthu otayidwa pa Murambatsvina mu 2005, ochokera ku Porta Farm, ku Hatcliffe ndi kwina, ndipo mpaka lero ambiri tikukhala popanda pepala la nyumba. Chimene timachita ndi afidaviti ya mwini malo yolumbirira kwa Commissioner of Oaths, kapena kalata ya khansala. Konzani zimenezo kusanache, osati mutafika kale kutsogolo kwa mzere.

Za mitengo sitilemba pano, ndipo aliyense wolemba mtengo muno osasonyeza lisiti musamukhulupirire. M'dziko muno ndalama yasintha dzina kangapo tikuona, ZiG yabwera mu April 2024, ndipo mitengo ya boma imayenda nayo. Funsani pa kauntala, lipirani pa kauntala, tengani lisiti. Munthu woima pa geti amene akukuthamangirani ndi mafomu si wa boma, ngakhale atavala tayi.

Makodi nawo ndi msampha wina, makamaka kwa inu a mathiraki. Kwathu tinazolowera B, C1, C, EC. B ndi ya galimoto zing'onozing'ono zosapitirira makilogalamu 3,500, EC ndi ya thiraki yokoka ngolo, imene a ku Joni amaitchulabe Code 14. Kuno anthu anakula ndi makalasi: Class 4 ya zing'onozing'ono, Class 2 ya malole, Class 1 ya mabasi. Khadi latsopano labwera ndi zilembo, koma musaone chilembo chofanana n'kuganiza kuti kulemera kwake n'kofanananso. Kwathu timati EC, kuno khadi latsopano likuti CE, ndipo mabasi ali ndi chilembo chawochawo cha D. Tembenuzani khadi muwerenge kumbuyo, muone chimene mwaloledwa. Musachoke pa kauntala musanaone kuti akulembani chiyani, chifukwa munthu angalowe ali dalaivala wa thiraki n'kutuluka ali wa Honda Fit. Ndiponso kunyamula anthu kapena katundu wa malonda kuli ndi zofunika zake pamwamba pa laisensi. Kwathu ndi PrDP. Kuno oyendetsa zonyamula anthu amafunsidwa satifiketi ya defensive ya a Traffic Safety Council of Zimbabwe, kalata ya dokotala, ndi kuyesedwanso pakapita zaka. Dobadoba wa masiku atatu zimenezi sakuuzani, chifukwa iye mwini sanagwirepo chiwongolero cha thiraki.

Eni galimoto, nanunso tikunena inu. Mayi uja anataya Hiace chifukwa anangoona khadi n'kukhutira. Ena mwa inu mumadziwa ndithu kuti khadi la mnyamata wanu ndi lokayikitsa, koma mumamukonda choncho chifukwa wotereyo sadandaula malipiro, sangakutengereni kulikonse. Tsiku la ngozi mudzalira limodzi. Kulola munthu wopanda laisensi kuyendetsa galimoto yanu ndi mlandu wanu inunso. Musanamupatse makiyi, mutsimikize khadi lake ku ofesi. Ngati ndi dalaivala wabwino ndipo mukumufuna, mupatseni masiku ndi ndalama ya basi akakonze mapepala, muzidula pang'onopang'ono pa malipiro. N'zotchipa kuposa galimoto ya pa njerwa.

Pali gulu lina limene limatimvetsa chisoni koposa, ndipo pano tikhalapo pang'ono. Awa ndi ana obadwira konkuno. Agogo awo anabwera kalekale, ena wapansi kudzera ku Tete ndi Mutoko, ena pa malole a Ulere, ena kudzera ku Mthandizi, kudzagwira ntchito m'mafamu a fodya, m'migodi ndi m'nyumba za azungu. Nthawi ya chitaganya, kuyambira 1953 mpaka 1963, Nyasaland ndi Rhodesia zinali pansi pa boma limodzi, ndipo ambiri sanaone chifukwa chobwerera. Zidzukulu zawo zadzaza Mbare, Mufakose, Epworth, Dzivarasekwa ndi kuno ku Hopley. Chishona amalankhula kuposa Chichewa, ku Malawi ena sanapondeko. Koma kwa zaka zambiri zitupa zawo zinalembedwa kuti ndi alendo, makamaka lamulo la unzika litasintha mu 2001, ndipo anakula akumva mayina achipongwe amene sitiwabwereza pano. Munthu wokula choncho amaopa ofesi ngakhale alibe mlandu.

Ndiye timamva anyamata otere akuti akufuna "kukatenga ya ku Malawi" kudzera kwa munthu, kenako adzaisinthe kuno. Abale, imeneyo ndi njira yozungulira phiri kupita kwa neba. Malamulo aakulu a dziko lino a 2013, gawo 43, amanena kuti munthu amene anabadwira mu Zimbabwe malamulowo asanatuluke, kholo lake limodzi kapena onse ali ochokera dziko la SADC, ndipo iye ankakhala muno pa nthawiyo, ndi nzika mwa kubadwa. Amene muli m'gulu limeneli ndipo chitupa chanu chikadali cha mlendo, ulendo wanu woyamba ndi wa ku ofesi ya kalembera, ku Makombe kapena ku Market Square, ndi satifiketi yanu yobadwira. Chitupa chikakonzeka, pitani ku VID ngati mwana wina aliyense wa muno. Simukusintha kanthu inu. Mukutenga yanu. Laisensi ya ku Malawi ya munthu amene pasipoti yake ilibe chidindo ngakhale chimodzi cholowera ku Malawi imadzinenera yokha kuti ndi yogula.

Tikudziwa chimene chimaopsa: mayeso. Provisional ya pa kompyuta, mafunso 25 m'mphindi 8, kenako madiramu aja, kuimika galimoto pa chitunda n'kunyamukanso osabwerera m'mbuyo, kutembenuka katatu, ndi kulowa m'tauni woyesa ali pambali panu. Anthu amalephera, ena kawiri, ena katatu, ndipo kulephera kulikonse ndi ndalama. Sitikukana. M'makombi mumamveka nkhani zambiri zakuti popanda kenakake sukhoza, ndipo amene amafalitsa kwambiri nkhanizi ndi omwewo amene amadya nazo. Koma tili ndi amayi muno, a zaka zathu zomwezi, amene anaphunzira madiramu pa bwalo la fumbi Loweruka lililonse mpaka anakhoza popanda kupereka kanthu kupatula ndalama ya lisiti. Ngati pa kusintha kwanu akuuzani kuti muyesedwe pamsewu, yesedwani. Mwayendetsa zaka khumi pa msewu wa Tete, pakati pa mathiraki a makala ndi mbuzi za pa Changara, ndiye muope madiramu? Lipirani maphunziro awiri kapena atatu ku sukulu ya galimoto kuti muchotse zizolowezi za pamsewu, monga kuyendetsa ndi dzanja limodzi ndi kuiwala magalasi, basi.

Tisamalize ngati kuti olakwa ndi ife tokha. Maboma athu nawo ali ndi gawo lawo, ndipo ndi lalikulu. Dobadoba amamera pomwe njira yoongoka yatalika. Kuchoka ku Harare kufika ku Blantyre ndi makilomita pafupifupi 600, maboda awiri, makauntala anayi a pasipoti popita, anayi pobwera. Munthu ayende mtunda wonsewo chifukwa cha pepala limodzi lonena chinthu chimene chili kale m'kompyuta? Ife a geni tingapirire chifukwa ndi njira yathu, nanga mlonda wa ku Msasa kapena mayi wogwira ntchito m'nyumba ku Borrowdale, amene tchuthi chake ndi Lamlungu lokha? Pangano la ku Maseru latha zaka pafupifupi makumi atatu. Khadi latsopano la kuno analengeza kuti likugwirizana ndi muyezo wa SADC, COMESA ndi East African Community. Chabwino. Ngati makhadi afanana, makompyuta alekeranji kulankhulana? Anatha kuphatikiza boda ya Chirundu mu 2009 kuti thiraki iziima kamodzi. Anamanga pa Mbudzi misewu yodutsana m'mwamba imene tonse tikuiona. Kalata imodzi yochoka ku ofesi ina kupita ku inzake pa intaneti ndiye yakanika?

Zimene tikupempha si zakumwamba. Ofesi ya kuno izitha kufunsa yokha ku MalTIS ngati laisensi ili yeniyeni, munthu ali chiimire pa kauntala. Pomwe zimenezo zisanatheke, pempho la kalata lizilandiridwa kwa kazembe konkuno, yankho lizibwera mwa njira ya boma. Ndipo zofunika zonse ndi mitengo yake zizimatidwa pakhoma, zilembo zikuluzikulu, kuti munthu asamafunse kwa woima pa geti. Mabungwe athu a ochita malonda odutsa malire, amene timawalipira makhadi chaka ndi chaka, akamapita ku misonkhano ya m'mahotela asamangokamba za msonkho wa katundu ndi mafomu a STR. Katunduyo amayenda pa galimoto, ndipo galimotoyo ili ndi munthu kutsogolo. Atsogoleri a mabungwewa amene muli m'gulu lino, tikudziwa mumawerenga, tiyankheni pansipa kuti nkhaniyi munaifikitsa kuti.

Wina anena kuti, "Inu mukulankhula chifukwa zanu zinayenda, ife ana akufuna nsima lero." Tamva, ndipo si mawu opepuka. Ifenso tinagonapo ndi njala muno, tinagulitsapo tomato pa msewu wa ku Chitungwiza tikuthawa a khonsolo. Koma tawerengerani nokha. Madola 150 a dobadoba, kuwonjezera chiphuphu cha pa rodibuloko iliyonse pomwe mtima wagunda chifukwa mukudziwa chimene chili m'thumba, kuwonjezera ntchito zabwino za makampani a mathiraki zimene simungafunsire chifukwa iwo amatsimikiza laisensi ku kaundula asanakulembeni. Wa khadi labodza amakhala wa mushikashika moyo wake wonse, kuthamangitsana ndi apolisi m'tauni, pomwe anzake akukweza katundu wa ku Beira ndi ku Durban. Njala ya lero ndi yoona, koma pa miyezi iwiri kapena itatu yodikira mapepala pali ntchito zina pa galimoto zosafuna chiwongolero: kukweza katundu, kuperekeza dalaivala, kulemba mitolo. Ambiri a ife tinayambira pamenepo.

Mnyamata uja pano ali kwawo. Anapita ku Road Traffic, anaika chala, dzina lake linatuluka, chifukwa iye m'kaundula wa kwawo analimo kuyambira kale. Anamupatsa khadi lina m'malo mwa lotayikalo. Akuyendetsa lole ya simenti pakati pa Blantyre ndi Lilongwe, koma msewu wa kuno sangauyende msanga chifukwa cha mbiri imene anasiya, ndipo mayi ake akubwezabe ngongole ya loya.

Tagwirizana ndi oyang'anira gulu kuti kuyambira lero aliyense wotsatsa laisensi, pemiti kapena chidindo cha pasipoti muno achotsedwa popanda kufunsidwa, ndipo amene amubweretsa achoka naye. Amene munatumiza kale ndalama kwa munthu wa sabata yatha, musatumize khadi lanu lenileni ngakhale akuumirizeni bwanji. Amene munalandira kale khadi kwa munthu wotere, lekani kuyenda nalo lero lomwe. Kumapeto kwa mwezi uno ena a ife tikunyamuka pa Roadport kupita ku Blantyre kukagula katundu, ndipo tapatula Lachiwiri lonse kuti tikaime pa mzere ku Ginnery Corner. Amene akufuna kukakonza khadi kapena kukatenga kalata alembe pansipa, tiyendere limodzi. Mubwere ndi pasipoti, chitupa cha ku Malawi, khadi lanu ngakhale litatha, makope odinda, ndi ndalama ya ku ofesi ya makwacha yosiyana ndi ya katundu.